Makina a khofi andipatsa, koma akundichititsa manyazi

MayiWaAtatu:
Abale, ndithandizeni. Mlamu wanga wandipatsa makina opangira khofi, aja othira madzi kumbuyo khofi n'kumadonthera mu jagi ya galasi. Kabuku ka malangizo kanasowa kalekale, iwo anangoti "n'zosavuta, mungothira madzi n'kudina batani." Lero ndi tsiku lachitatu. Tsiku loyamba ndinathira madzi m'thanki ya makinawo mpaka pa nambala 10, khofi masupuni atatu. Chimene chinatuluka ndi madzi ofiirira basi, pansi pa kapu pakuoneka. Dzulo ndinati ndiwonjezere, ndinadzaza pepala losefera khofi lija pafupifupi kukamwa. Ndili kuchipinda ndinangomva mwana akukuwa, "amama, khofi akuthawa!" Pofika, tebulo lonse lili khathikhathi, madzi akuda akutsikira pansi, nsenga mbwee. Lero ndayesa pakatikati, ndaimirira pomwepo osachoka, koma akuwawa ngati mankhwala a malungo. Loweruka kukubwera alendo, mlamu yemweyo alipo. Vuto ndi ine kapena makinawa ndi okutha?

Kadzidzi_Usiku:
Makina alibe mlandu. Khofi wake ndi wotani? Musatiuze kuti mwathira wosungunuka uja wa m'botolo.

MayiWaAtatu:
Ayi achimwene, ameneyo ndimamudziwa. Uyu ndi wa m'paketi, wogayagaya, wosalala ngati ufa. Papaketi alembapo espresso.

Kadzidzi_Usiku:
Basi, theka la mlandu latha pomwepo.

Bambo_Sikelo:
Mayi, pepani ndi za tebulo. Tonse tinadutsa momwemo. Ndiyambe ndi tsiku loyamba, chifukwa pamenepo ndi pamene makinawa amapusitsa anthu ambiri. Manambala ali pathankiwo si makapu amene timamwera ife. Pa makina ambiri a ku Ulaya nambala imodzi ndi mamililita 125, pa a ku America ndi pafupifupi 150, pamene kapu yaikulu ya chogwirira imalowa 250 kapena kuposa. Ndiye pa nambala 10 munathira lita imodzi ndi kota, mwina lita ndi theka. Muyezo wa bungwe la akatswiri a khofi la Specialty Coffee Association ndi magalamu 55 pa lita imodzi ya madzi, ndipo ambirife timangoti 60 kuti masamu asavute. Supuni yaikulu yosasefukira imanyamula pafupifupi magalamu 5. Masupuni anu atatu aja anali magalamu 15, pamalo pofunika 70 kapena 75. Simunalakwitse pang'ono, munapereka gawo limodzi mwa magawo asanu.

Chitani izi lero lomwe. Tengani jagi yoyezera, thirani theka la lita m'thanki, muone pamene madzi alekeza, mulembepo kamzere ndi cholembera. Kuyambira pamenepo muiwale manambala a pathanki. Theka la lita, magalamu 30, masupuni 6. Lita imodzi, magalamu 60, masupuni 12. Mukapeza kasikelo ka kukhitchini ndiye bwino kwambiri, chifukwa supuni imanama: khofi wokazinga kwambiri amapepuka, wokazinga pang'ono amalemera, supuni yomweyo.

Za kuwawa, a Kadzidzi anena zoona. Khofi wa espresso amagayidwa mosalala chifukwa makina ake amakankha madzi mwamphamvu, masekondi 25 kapena 30 zatha. Anuwa alibe mphamvu imeneyo, madzi amangotsika okha. Ufa ukasalala kwambiri umatseka timabowo ta pepala, madzi amakhalitsa m'khofi n'kutulutsa zowawa zonse. Mufune wogaya mwapakatikati, woti mukamufikisa ndi zala azimveka ngati mchenga.

Tsabola_Wakale:
Masupuni 12?? Aaa, a Sikelo, mukufuna mayiwa aone mitima iwiri? Paketi ya magalamu 250 ndiye kuti yatha pa malita anayi okha. Ine ndimathira asanu pa jagi yonse ndipo sindinafe.

Bambo_Sikelo:
Simunafe, koma simunamwenso khofi.

Tsabola_Wakale:
Kkkk koma bambo inu. Pakamwa ndi panga.

Nambewe_K:
A Tsabola ali ndi mfundo pang'ono, aliyense ali ndi lilime lake. Koma njira yabwino ngati simufuna wamphamvu ndi kupanga pa muyezo wake, kenako n'kuthira madzi otentha m'kapu. Mukachepetsa ufa n'kusiya madzi ambiri adutse pa kakhofi kochepa, amatuluka wosukuluka komanso wowawa nthawi imodzi, chifukwa madzi akafinya zokoma n'kutha amayamba kukoka zotsalira zija. Ndinkadabwa kale kuti khofi wamadzimadzi angawawe bwanji. Ndi zimenezo.

WokonzaZamagetsi:
Ndaona aliyense wathamangira ku ufa. Ine ndifunse za kusefukira kuja. Mayi, dzulolo jagi inali ndi chivundikiro chake?

MayiWaAtatu:
Dikirani ndikumbukire. Ayi! Ndinachitsuka n'kuchisiya pathandala la mbale. Ndinkaona ngati n'chongoteteza ntchentche. Lero ndiye ndinachiikapo.

WokonzaZamagetsi:
Ndimadziwa. Tulutsani kabasiketi koika pepala kaja muyang'ane kunsi kwake. Muona kachinthu kotuluka kokhala ndi sipuling'i. Mukakadina ndi chala kabowo kamatseguka, mukakasiya kamatseka. Anakaika kuti munthu athe kuchotsa jagi pakati pa ntchito n'kuthira kapu imodzi khofi osadonthera pachitsulo chotentha. Pa makina ambiri chimene chimakankha kachinthuko ndi chivundikiro cha jagi. Popanda chivundikiro kabowo kamakhala kotseka, madzi akubwerabe pamwamba, ndiye apite kuti? Ufa wosalala ndi kudzaza pepala zinangowonjezera moto. Ngakhale mukanagula khofi wogayidwa bwino chotani, tebulo likananyowabe.

Kadzidzi_Usiku:
Chabwino, ndavomera. Theka linalo ndi lanu.

MayiWaAtatu:
Ndayang'ana, kalipodi! Safunsa anadya phula, ine ndikanataya makina abwinobwino. Nanga phokoso lija? Kumapeto amaliza mkonono ngati munthu wagona chagada, nthunzi ili fuu. Ndimaopa kuti aphulika.

WokonzaZamagetsi:
Saphulika mayi, ndi mmene amagwirira ntchito. Ambiri mwa makinawa alibe pampu. Pansi pake pali kapaipi kachitsulo kopindika komatidwa ku chotenthetsa cha magetsi. Madzi ozizira amatsika m'thanki n'kulowa m'kapaipiko kudzera pa kavalavu kolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Akawira, thovu la nthunzi limakankha madzi otentha kukwera paipi ina mpaka pamwamba pa khofi, popeza kubwerera m'thanki sangathe. Zimachitika pang'onopang'ono, ndiye mumamva kugudukira kuja. Thanki ikauma mumatsala nthunzi yambiri, ndiwo mkononowo, kutanthauza kuti atsala pang'ono kumaliza. Chotenthetsa chomwecho pa makina ambiri ndi chimene chimafunditsa chitsulo chokhalapo jagi.

Popeza tafika pamenepa, m'thanki mumalowa madzi ozizira oyera basi. Tsiku lina anandibweretsera makina akununkha ngati chinthu chofera m'denga. Mwini wake anaganiza zothira mkaka m'thanki kuti khofi azituluka wothirathira. Mkaka unapserera m'kapaipi, kavalavu kanamatirira. Ndinatsuka masiku awiri, fungo silinachoke, tinangotaya. Ndipo musamatungire madzi ndi jagi yomwe munali khofi musanaitsuke, mafuta a khofi amakalowa m'mapaipi n'kumavunda momwemo.

Chimphepo265:
Imwani tiyi abale. Madzi, masamba, kapu. Palibe sikelo, palibe sipuling'i, palibe kukolopa.

Nambewe_K:
Gulu la tiyi lilipo, a Chimphepo. Mwasochera.

Chimphepo265:
Ndimabwera kudzaona mmene mukuvutikira kkkk

GogoWaMabuku:
Ana inu, mukukamba za pepala ngati chinthu wamba, koma lili ndi mwini wake. Anayambitsa ndi mayi wapakhomo wa mumzinda wa Dresden ku Germany, dzina lake Melitta Bentz, m'chaka cha 1908. Anatopa ndi nsenga za m'kapu. Anaboola kapoto kachitsulo ndi msomali, n'kuyalamo pepala loyamwa inki limene anatenga m'kabuku ka kusukulu ka mwana wake. Kampani imene anayambitsa ilipo mpaka lero, ndi dzina lake lomwelo. Makina a magetsi anabwera mochedwa: Wigomat ya Gottlob Widmann mu 1954 ku Germany komweko, kenako Mr. Coffee ku America mu 1972, amene anafalitsa makinawa m'makomo ambiri. Ndiye a MayiWaAtatu musachite manyazi, nzeru yonseyi inayambira kwa mayi mnzanu amene khofi ankamukwiyitsa m'khitchini.

Tsabola_Wakale:
Agogo akangoyamba mbiri ndiye kuti tigona pano.

GogoWaMabuku:
Ndamaliza mwanawe. Ukanakhala m'kalasi mwanga ukanakhala kutsogolo.

Dzuwa_Lawala:
Ine funso langa ndi la mapepala omwewo. Makina anga anabwera ndi kasefa kachitsulo kosatha. Pali chifukwa chogulira mapepala? Ndimaona ngati n'kungotaya zinthu tsiku ndi tsiku.

NamwinoWausiku:
Kusiyana kulipo, osati pa kakomedwe kokha. M'khofi muli mafuta ena, lina dzina lake cafestol, amene amakweza cholesterol, mtundu wa mafuta a m'magazi, mwa munthu womwa kwambiri khofi wosasefedwa. Pepala limagwira pafupifupi onse, pamene kasefa kachitsulo kamalola ena kudutsa. Kwa munthu wa kapu imodzi patsiku si nkhani yodetsa nkhawa, koma ngati a dokotala anakuuzanipo kale za cholesterol, pepala ndi bwenzi lanu. Pakamwa, wa pepala amamveka woyera, wa kasefa amakhala wolemerako ndipo pansi pa kapu pamatsala timatope.

Dzuwa_Lawala:
Timatopeto ndi timene ndimakonda ine. Koma zikomo, za mafutazo sindinkadziwa.

Nambewe_K:
A MayiWaAtatu, pogula mapepala muone mtundu wa kabasiketi kanu. Kena n'kosongoka kunsi, kena n'kophwatalala ngati kambale. Osongokawo ali ndi manambala, makina a makapu 10 nthawi zambiri amafuna nambala 4, ena amalemba 1x4. Musanaike, pindani msoko wa kunsi mbali ina, wa m'mbali mbali inayo, kuti likhale bwino. Likapanda kupindidwa nthawi zina limagwera mkati madzi akayamba kutsika, ndiye madzi amalambalala khofi, nsenga n'kulowa mu jagi. Ine ndimalinyowetsanso ndi madzi otentha kaye, limamatirira m'mbali ndipo fungo la pepala limachoka. Madzi amenewo mutaye.

Kadzidzi_Usiku:
Kunyowetsa pepala ndi mwambo chabe. Ndinayesapo makapu awiri nditatseka maso, sindinasiyanitse.

Nambewe_K:
Mapepala oyera aja mwina. Yesani ofiirira, mumva ngati mwatafuna katoni.

Kadzidzi_Usiku:
Ofiirira sindigula, ndiye mwina n'chifukwa chake.

Bambo_Sikelo:
Chinthu china chimene chingakhale chinawonjezera kuwawa kwa lero: khofiyo anakhala nthawi yaitali bwanji pachitsulo chotentha?

MayiWaAtatu:
Ndinapanga cha m'ma 6, kumwa cha m'ma 7 koloko nditaperekeza ana. Makina anali chiyakire.

Bambo_Sikelo:
Ndiye munamuphika kawiri. Chitsulo chija n'chabwino kwa mphindi 15 kapena 20, kupitirira apo madzi akuuluka, fungo likuthawa, khofi akusanduka wowawasa ndi wowawa. Ku mayiko a European Union, kuyambira 2015 lamulo limati makina a jagi ya galasi azizima okha pasanapitirire mphindi 40. Iwo ankafuna kupulumutsa magetsi, koma anapulumutsanso khofi. Akangomaliza kudontha, takasani ndi supuni, chifukwa woyamba kudontha ndi wamphamvu ndipo amakhala pansi, womaliza ndi wamadzi. Kenako muzimitse n'kuthira mu fulasiki imene mwaitsukuluza ndi madzi otentha. Loweruka muchite zimenezo, alendo akachedwa simudandaula.

Muyesenso nthawi ndi wotchi ya pafoni. Jagi yodzaza iyenera kutha pakati pa mphindi 4 ndi 8. Madzi ofika pakhofi amafunika madigiri 92 mpaka 96. Makina akale otsekeka m'mapaipi amachedwa, mphindi 12 kapena 15, uku akutulutsa nthunzi yambiri kuposa madzi.

MayiWaAtatu:
Ndayesa ndi madzi okha. Mphindi 13.

WokonzaZamagetsi:
Ali ndi miyala m'mimba amenewo. Zoyera zija zimamera m'ketulo zimameranso m'kapaipi, makamaka kumene madzi ake sopo sachita thovu msanga. Sakanizani viniga woyera ndi madzi theka ndi theka, thirani m'thanki, muike pepala lopanda khofi, yatsani. Akafika pakati zimitsani, dikirani theka la ola, yatsaninso amalize. Kenako madzi oyera okhaokha katatu.

Nambewe_K:
Viniga ayi chonde. Ndinachitapo, sabata yathunthu khofi ankamveka viniga, nyumba yonse fungo. Citric acid ndi wabwino, ufa woyera uja wowawasa. Masupuni awiri pa lita imodzi, alibe fungo. Ndipo makampani ena amaletsa viniga m'mabuku awo.

WokonzaZamagetsi:
Ndiye kuti simunatsukuluze mokwanira achemwali. Ine ndatsuka makina ambiri ndi viniga.

Nambewe_K:
Ndinatsukuluza kanayi!

WokonzaZamagetsi:
Zonse zimagwira, zonse ndi asidi. Chimene chili pafupi mayi agwiritse. Chokhacho musathire soda m'thanki poganiza kuti achotsa miyala, sachotsa. Soda ndi wotsukira jagi ikada mkati.

Mlendo_Watsopano:
Pepani kulowerera. Ine anga ndinachita kuitanitsa kuchokera ku America, nditangolumikiza anachita phuu, kafungo ka waya, basi. Angakonzeke?

WokonzaZamagetsi:
Yang'anani kunsi kwake. Ngati palembedwa 120V ndipo magetsi a kwanu ndi a 220 mpaka 240, mwawadyetsa chakudya cha anthu awiri. Mwina yapsa ndi fyuzi yokha, mwina chotenthetsa. Kachida kosinthira pulagi sikasintha mphamvu ya magetsi, kamangosintha mano. Muwapititse kwa wodziwa, musatsegule nokha.

Mlendo_Watsopano:
Palembedwadi 120V. Mayo ine.

Tsabola_Wakale:
Tibwerere kwa mayi. Inu zonsezi zikakukanikani, mkaka ndi shuga zimabisa machimo onse. Masupuni atatu a shuga, palibe mlendo adzadandaule.

Bambo_Sikelo:
Pa shuga sinditsutsa, aliyense athire mmene akufunira. Ndingopempha kuti mulaweko kaye kamodzi musanathire, kuti mudziwe chimene mwapanga. Akawawasa ndi kusukuluka, ufa wakula kwambiri kapena madzi sanatenthe. Akawawa n'kuumitsa kukhosi, ufa wasalala kapena wakhalitsa. Ndipo posintha muzisintha chinthu chimodzi patsiku. Mukasintha ufa, muyezo ndi madzi tsiku limodzi, zikakoma simudziwa chakometsa.

Dzuwa_Lawala:
Nanga kusunga? Ine ndimaika paketi m'firiji.

Nambewe_K:
Tulutsani. Khofi amayamwa fungo la chilichonse chili pafupi, ndipo paketi yozizira mukaitsegula kunja imachita chinyezi mkati. M'botolo lotseka bwino, m'kabati mopanda dzuwa, kutali ndi moto. Wogayagaya amataya fungo msanga paketi ikatsegulidwa, ndiye muzigula pang'ono. Amene afuna kupita patsogolo agule njere n'kumagaya yekha asanapange. Kachigayo kopukusa ndi dzanja kamagaya mofanana kusiyana ndi ka mpeni wozungulira, kamene kamasiya zina zili fumbi zina zili zibenthu. Khofi watsopano mumamudziwa madzi oyamba akamugwera: amatupa n'kuchita thovu, ndi mpweya umene unatsekeredwa m'njere pokazinga. Wakale amangoti zii.

Kadzidzi_Usiku:
Musawaunjikire zambiri mayi. Ayambe apeza ufa woyenera ndi chivundikiro, za chigayo chaka chamawa.

NamwinoWausiku:
Ndiwonjezere kamodzi popeza masupuni 12 aopsa anthu. Amenewo ndi a lita yonse, anthu anayi. Bungwe loona za chakudya ku Ulaya, EFSA, limati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 a caffeine, chinthu cha m'khofi chothamangitsa tulo, patsiku, mayi woyembekezera 200. Kapu ya mamililita 200 ya khofi wosefa imakhala ndi pafupifupi 90. Ngati pa alendo anu pali woyembekezera kapena wodwala mtima, mufunseni kaye. Ndipo akabwera madzulo musadabwe akakuimbirani pakati pa usiku kuti tulo tawathawa, caffeine amatenga maola angapo kuti achepe ndi theka m'thupi.

Kadzidzi_Usiku:
Dzina langali silinabwere lokha.

MayiWaAtatu:
Ndabwerera abale. Lachinayi ndinatsuka ndi viniga, pepani a Nambewe, ndi amene analipo. Zimene zinatuluka! Tizibenthu toyera ngati makoko a dzira, madzi ake otuwa. Ndinatsukuluza kasanu chifukwa cha mantha amene munandipatsa. Tsopano jagi yodzaza ikutha pa mphindi 7 ndipo mkonono wachepa. Ndinayeza thanki, lita imodzi ikulekeza pa nambala 8, ndiye anga ndi a 125 aja. Ndinapeza khofi wogaya mwapakatikati ndi mapepala a nambala 4. Loweruka ndinapinda msoko, masupuni 12, chivundikiro pamalo pake, kutakasa, mu fulasiki. Mlamu anamwa makapu awiri, kenako anapita kukhitchini kukawayang'anitsitsa makina aja, akuti kwawo sankatulutsa khofi wotere. Ndaona ngati ayamba kuwadandaula. Ine pandekha 12 andikulira, dzulo ndinathira 10 ndipo ndi amene ndamukonda.

Bambo_Sikelo:
Magalamu 50 pa lita. Muli m'malire, sindikudzudzulani.

Tsabola_Wakale:
Mwaona? Ayamba kutsika. Pofika mwezi wamawa adzakhala ali pa asanu ngati ine.

Nambewe_K:
Ngati mlamu awafuna, muwabwezere opanda chivundikiro.

MayiWaAtatu:
Kkkk a Nambewe ndinu oopsa. Funso lomaliza: khofi wotsala papepala uja amaoneka wambiri, ndimamva chisoni potaya. Sindingathirenso madzi kachiwiri?

Bambo_Sikelo:
Ayi mayi. Madzi amasungunula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ufawo, ndipo gawo limenelo ndi limene lili ndi kukoma. Chotsalacho chimaoneka chambiri koma n'chimtengo chabe. Mukathiranso mubwerera ku tsiku lanu loyamba lija. Katayeni pa manyowa pamodzi ndi pepala lomwe, musathire m'sinki, amatseka paipi.

Tsabola_Wakale:
Ine ndimathira kachiwiri Lolemba lililonse.

WokonzaZamagetsi:
A Mlendo_Watsopano, mwawapititsa makina aja? Mundiuze ngati inali fyuzi.